Onesmus, Apongozi Ake ndi Padi Yopanda Waya

Ine Boston ndine munthu woyamba m'chigwa chonse cha Luangwa kuyendetsa kamunthu ka mu TV popanda chingwe. Ndinakadumphitsa maenje ndili tsidya lina la mtsinje, nditakhala pamsana pa mvuu, TV ili ku Kawaza. Azungu a ku Chinzombo anasiya kujambula mikango n'kuyamba kujambula ine.

Chabwino, limenelo ndi bodza. Mvuu sindinaikwerepo, ndipo masewerawo ndinayesa kamodzi kokha, kamunthu kanagwera m'dzenje loyambirira. Amene anayendetsa kamunthu popanda chingwe ndi muphwa wanga Onesmus, mwana wa mlongo wanga, ndipo mtunda wake unali mapazi asanu ndi limodzi chabe, kuchokera pawindo. Koma mapazi amenewo anatsala pang'ono kumulepheretsa kutenga mkazi wake kupita naye kunyumba imene anamanga yekha.

Onesmus anabadwa akukayika. Azamba amati atangotuluka anayamba wayang'anitsitsa mayi ake kuti atsimikize ngati ali omwewo. Ali mwana, ukamupatsa nzimbe ankaizunguliza mbali zonse kufunafuna pamene waluma. Mpaka lero nsapato amazikutumula kawiri kuopa chinkhanira, akatero amaziunikanso ndi tochi dzuwa lili paliwombo. Ndipo chinthu chake chilichonse amachikanda ndi msomali ka O kakang'ono pamalo obisika: pampu ya njinga, supuni, pulayala, ngakhale kunsi kwa patapata. Ndikukhulupirira kuti mkazi wake Precious akanalola, nayenso akanakhala ndi ka O kuseri kwa khutu.

Ntchito anaipeza yomuyenera. Pa kampu ina ya alendo ku Nkwali ndiye ankasamalira jenereta, mafiriji ndi mawaya onse. Waya ndiye chinthu chokha padziko lapansi chimene ankachikhulupirira.

"Amalume, waya sanama," ankandiuza choncho. "Ukautsata ndi chala umakafika pamene wadukira. Manje chinthu choyenda m'mphepo chikalakwa, mukachigwira pati?"

Mu 1994 anakwatira Precious, nakhala pa chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Kawaza. Nkhoswe yake ndinali ine, chifukwa banja lathu linasowa munthu wina wanzeru. Apongozi ake anali amayi Esnati, mzimayi wamasiye wa duku lalitali ngati chulu, amenenso kukayika sanachite kuphunzira kwa munthu. Ulemu wa pakati pa awiriwa unali wakale weniweni. Akakumana panjira, Onesmus ankapatukira m'tchire, kaya muli minga kaya muli chitedze. M'nyumba mwawo sankalowa, kumaso sankawayang'ana, mawu onse ankadzera mwa Precious ngati kuti mtsikanayo ndi positi ofesi.

Zaka ziwiri analima munda wa apongozi, kupirikitsa njovu m'chimanga, uku akupalasa njinga maola awiri kupita ku ntchito ndi maola awiri kubwerera. Nthawi ya mvula njinga ndiyo inkakwera iye. Choncho anaumba njerwa namanga kanyumba kufupi ndi Nkwali, n'kundituma kukapempha chitengwa, kuti amulole kutenga mkazi wake. Amayi Esnati anayankha kuti, "Tikakolola tidzaona." Onesmus anagwira mawu amenewo ngati dzira. Chaka chimenecho, 1996, sanafune kulakwitsa ngakhale kutsokomola.

Tsono m'nyumba ya amayi Esnati munali TV yakuda ndi yoyera imene mwana wawo wamwamuna anatumiza kuchokera ku Kitwe. Kuno kuchigwa TV imeneyo inkangoonetsa mpunga, ngakhale mutakweza eriyo pamwamba pa mlambe. Inkakhala pamwamba pa kabati itafundidwa kansalu koluka, alendo n'kumaipatsa ulemu ngati mfumukazi yodwala.

Mwezi wa Malichi, nesi wina wa pa kiliniki dzina lake Nchimunya, wa ku Monze, anasamutsidwa, nayamba kugulitsa katundu wolemera kunyamula. Pa katunduyo panali kabokosi ka masewera a pa TV, kaseti yake yachikasu, ndi togwirira tiwiri ta mabatani timene amati mapadi. Ina inali ndi waya wotalika ngati mkono umodzi ndi theka. Inayo inalibe waya. Inkadya timabatire tiwiri tating'ono, ndipo inkalankhulana ndi kadiso kofiira kolumikiza kukabokosi. Ukailozetsa kukadisoko, kamunthu ka mu TV kankamvera. Ukailozetsa kumbali, kankakhala ngati sikakukudziwa.

Onesmus anatha masiku atatu akuyendera kabokosiko asanagule. Anakanunkhiza, anakagwedeza pafupi ndi khutu, anafunsa nesiyo kuti ngati n'kabwino akukagulitsiranji. Pomaliza anagula chifukwa cha padi ya waya. Yopanda waya ankafuna kuisiya pomwepo.

"Tengani chabe, ndi zapamodzi," anatero Nchimunya.

"Chaulere chimakhala ndi chifukwa," anatero Onesmus, koma anaiponya m'thumba.

Maganizo ake anali oti akondweretse apongozi poidzutsa TV yakufayo kukolola kusanafike. Anabwera ndi batire ya galimoto panjinga, naima panja n'kumauza Precious pawindo waya woti alowetse apa ndi woti alowetse apo. TV inayaka. Kamunthu kanatulukira, kanyimbo kakulira, ndipo amayi Esnati anayala mphasa patsogolo penipeni pa kabati n'kukhala. Kuyambira tsiku limenelo, TV ikayaka sankachokapo. Nkhuku zinkatha kudya mapira onse pabwalo iwo ali chikhalire, khosi lili m'mwamba, akukalipira kamunthuko kuti kasathamange pafupi ndi dzenje.

Apa ndiye panagona vuto. Waya wa padi unkathera pamphasa pomwepo. Kuti mwini wake asewere ndi padi imene ankaikhulupirira, anayenera kulowa m'nyumba ya apongozi n'kukhala nawo bondo ndi bondo. Mkamwini wopempha chitengwa sangachite zimenezo, ngakhale atalota. Anayesa kuwonjezera wayawo ndi wina wa ku kampu, koma mkati anapezamo timitsempha tambirimbiri towonda ngati tsitsi, ndipo anaopa kupha padi yonse. Masabata awiri anakhala pansi pa mtengo wa mango akumvera kanyimbo ka chinthu chake, Precious akuseka m'nyumba.

Loweruka lina ndinamupeza pamenepo akutembenuza padi yopanda waya m'manja.

"Sankha chimodzi, muphwa," ndinamuuza. "Ya waya ndi bondo la apongozi, kapena ya mphepo ndi ulemu wako."

"Sindiikhulupirira, amalume."

"Nayonso siikukukhulupirira. Mufanana."

Anagula timabatire, naima pawindo kunja, mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pa TV, kumbuyo kwenikweni kwa amayi Esnati. Anatambasula manja pamwamba pa duku lawo n'kudina. Kamunthu kanadumpha. Ndinaona mano onse a muphwa wanga tsiku limenelo, ndipo ndinadabwa kupeza kuti alipo okwanira. Anakonza zoti Precious azisewera ndi ya waya mkati, kamunthu kake kakafa, iye azilowa ndi yake ali panja.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Dzuwa la masana likalowa pakhomo n'kuwomba kadiso kaja, padi inkagontha. Amayi Esnati akangosuntha mutu, duku linkatchinga njira, kamunthu n'kulowa m'dzenje kakuona. Ndiye panalinso nkhani ya mabatire. Amagula atsopano Lachisanu, pofika Lamlungu atha. Onesmus anayamba kukayikira aliyense. Anakayikira nesi uja kuti anadziwa. Anakayikira Paskale wa pagolosale kuti amagulitsa mabatire ogona. Anakayikira Precious kuti amasewera nayo iye ali ku ntchito. Anafika pokayikira mphemvu.

Ine ndinkapita kumeneko Loweruka lililonse. Ine ndi amayi Esnati ndife asewele, ana athu anakwatirana, choncho ndimalowa m'nyumba mwawo momasuka, kukhala pampando wabwino pafupi ndi kabati pamene ankasungira mapadi, iwo n'kutuluka kukandikazingira nsawa. Ndilinso ndi kawailesi kam'thumba komvera mpira, kamene kamadya timabatire tofanana ndi ta padi ija. Ndangotchula chabe. Sizikukhudzana ndi nkhani ino.

Onesmus atandidandaulira za mabatire, ndinamuthandiza maganizo monga nkhoswe.

"Ndi mutu wa apongozi ako," ndinatero. "Mphamvu ikamadutsa pamwamba pa duku lija, theka imatsalira momwemo. Suona mmene anenepera masiku ano?"

Sanaseke. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana thumba la malaya anga, kenako anayang'ana kumwamba.

Koma kulakwa kwanga kwakukulu sikumeneko. Loweruka lotsatira ndinapeza amayi Esnati akudzisisita pakhosi. Munthu amene wakhala kuposa mwezi pamphasa akuyang'ana pamwamba pa kabati, khosi lingalekerenji kuwawa? Koma iwo anali ndi maganizo ena.

"Asewele, ndifunseko," anatero motsitsa mawu. "Kanthu kakuda kamene akamwini amandiloza nako kunkhongo, kamatulutsa chiyani?"

"Palibe chooneka."

"Ndicho ndikufunsira. Chikanakhala chooneka ndikanachiona. Chimachoka m'manja mwawo, chimafika pa TV. Pakati pali ndani?"

"Pali inu."

"Ndiye chimadzera pati?"

Munthu wabwino akanawauza kuti atsitse TV ija aike pampando. Ine pakamwa panandiyabwa.

"Musaope, asewele," ndinatero. "Kameneko n'kakang'ono. Azungu kumakampu ali ndi zazikulu zake, amagonetsera njovu akafuna kuichotsa msampha kuphazi. Amangoloza kunkhongo, kudina kawiri, njovu gwa. Aka n'ka ana, mwina kangagonetse mbuzi."

Ndinaseka, ndikuyesa kuti nawonso aseka. Anangomanga duku mwamphamvu.

Lachiwiri kunabwera uthenga kwathu. Amayi Esnati aitana mchimwene wawo Adamson, nkhoswe ya kuchikazi, ndipo akuti za chitengwa ziyambe zaima. Mwana wawo sangamupereke kwa munthu amene amaima kumbuyo kwa apongozi n'kumawaloza ndi chida cha njovu. Ena m'mudzimo anali atawonjezera kale kuti Onesmus akufuna kuwafooketsa kuti avomere msanga. Chimanga chinali chitauma m'munda, nyumba ya ku Nkwali itafoleredwa, chitseko chili ndi ka O kake.

Tinakumana Lamlungu, fotini awazi, ndiye kuti 2 koloko masana, titaweruka ku tchalitchi. Dzulo lake ndinali nditapitako kukawapepesa asewele, ndinakhalanso pampando wanga uja, nsawa ndinadya, koma za njovu sindinathe kuzibweza. Bodza likakula limafuna malo ake. Pabwalo amayi Esnati anakhala pamphasa atafulatira, Onesmus anakhala patali pa chitsa atayang'ana kunkhokwe, Precious pakati, ine ndi a Adamson pamipando.

A Adamson ndi munthu wofatsa, msodzi, salankhula kawiri.

"A Boston, mlongo wanga akuti khosi. Akuti muphwa wanu amamuloza ndi chogonetsera njovu. Mutiuze."

"Nkhani ya njovuyo," ndinatero, "sindikudziwa kumene yachokera. Anthu a m'mudzi uno ndi amabodza."

Amayi Esnati anatembenuza mutu pang'ono, khosi lowawalo linalola.

"Asewele, munadya nsawa zanga pamene munkanena."

"Ndinati mbuzi."

"Munati njovu, mbuzi inabwera pambuyo."

Onesmus sanatembenuke, koma ndinaona makutu ake akusuntha. Analankhula kwa Precious, mawu ali pansi, ngakhale tonse tinkamva.

"Uwauze amama kuti kanthuko ine ndemwe sindikakonda. Ndinasankha chifukwa ka waya kakanandilowetsa m'nyumba mwawo. Uwauze kuti ndikanafuna kuwachita choipa sindikanaima pawindo masana anthu akuona."

Precious anabwereza zonse, nawonjezera zake: "Amama, khosilo ndi kabati. Ine langa limawawanso."

"Iwe ndiwe mkazi wake, ungalankhule bwanji?" anatero amayi Esnati. Kenako analankhula kwa mchimwene wawo. "Adamson, ine sindikana mwana wa eni popanda chifukwa. Andionetse. Ndiika dzanja langa patsogolo pa kanthuko, ndikuona ndi maso. Adine. Kamunthu kakayenda, dzanja langa osamva kanthu, atenge mkazi wake. Koma kakakana kuyenda pamene ndikuyang'ana, ndiye kuti kamagwira ntchito pokhapokha ndafulatira, ndipo ndidziwa ntchito yake."

A Adamson anavomera kuti chimenecho n'chilungamo. Koma ine ndinkadziwa kanthu kena kokhudza mphamvu ya padi imeneyo tsiku limenelo.

Tinalowa m'nyumba, Onesmus anaima pawindo pake. Precious anatseka chitseko kuti dzuwa lisawombe kadiso, anayatsa TV, napatsira mwamuna wake padi. Amayi Esnati anaima chammbali, nkhope atabisa ndi nsonga ya chitenje kuti asaonane ndi mkamwini, dzanja atatambasula pansi pang'ono pa njira ya kadiso. Kanyimbo kanayamba. Onesmus anadina.

Kamunthu kanangoima.

Anadinanso. Kanaima ngati kakudikira basi ya ku Chipata. Chilombo china cha m'masewerawo chinabwera pang'onopang'ono n'kukagunda, kamunthu kanafa osaponya ndi phazi limodzi.

"Mwaona," anatero amayi Esnati. Sanakweze mawu. Precious anagwira pakamwa.

Munthu wina akanayamba kulumbira kapena kumenya padi pakhoma. Muphwa wanga anaitembenuza, natsegula kachitseko ka kumbuyo, natulutsa timabatire. Anatiyang'ana kumutu, anatiyang'ana kumatako, monga ankachitira ndi nzimbe. Kenako analankhula, osati kwa Precious.

"Amalume, kawailesi kanu muli nako?"

"Kali kunyumba."

"Kakuoneka m'thumba."

"Aa, aka. Ndimayesa ukunena kena."

"Mundibwereke mabatire."

"Ndi atsopano amenewa, muphwa, ndagula ndekha Lachisanu kwa Paskale. Sangagwirizane ndi chida chako, ndi a mawailesi okhaokha."

"A Boston," anatero a Adamson, "perekani."

Ndinapereka. Onesmus anawalandira pawindo, anawayang'ana kamodzi kokha, zimene si khalidwe lake, nawalowetsa. Amayi Esnati anatambasulanso dzanja. Anadina. Kamunthu kanadumpha. Anadinanso, kanathamanga, kanalumpha dzenje loyamba, lachiwiri, kanaponda chilombo chija pamutu. Amayi Esnati anakweza dzanja pang'ono mpaka linatchinga kadiso, kamunthu kanaima. Anatsitsa, kanayenda. Anakwezanso, kanaima. Anatero kasanu, akuyang'ana chikhatho chawo uku ndi uku, kuchinunkhiza, kupinda zala.

"Ndiye kuti ine ndi amene ndimakagonetsa," anatero. "Iko sikandigonetsa ine."

"Mwamva kuwawa?" anafunsa a Adamson.

"Palibe. Kuposa pamenepa ndimamva udzudzu."

Anakhala pansi pamphasa, nakonza duku. Anauza mchimwene wawo kuti auze ankhoswe a kuchimuna, ngati kuchimunako kuli nkhoswe, kuti chimanga chikalowa m'nkhokwe akamwini atenge mkazi wawo. Koma kabokosi katsale, pakuti TV ndi yawo ndipo yazolowera. Padi ya waya itsalenso, iwo aiphunzira, chifukwa chinthu chimene uchiona pamene chachokera ndi pamene chikupita sichingakudzere kunkhongo. Yopanda wayayo akamwini apite nayo, asaione m'nyumba mwawo.

Motero muphwa wanga, munthu wokhulupirira waya kuposa m'busa, anatsala ndi padi ya mphepo yopanda kabokosi, yopanda TV, yoti angaloze nayo khoma chabe. Koma mkazi anamupeza. Sanatsutse ngakhale liwu limodzi. Anagwada panja pomwepo n'kuwomba m'manja katatu, Precious akupereka zikomo wake m'nyumba.

Potuluka ndinamupeza pansi pa mango, ndipo ndinaona kuti ndi bwino ndiyambe ndine.

"Waona nzeru za amalume ako? Zonsezi ndinazikonza dala. Popanda njovu ija, bwenzi apongozi ako akunenabe kuti tidzaona. Manje bweza mabatire anga, mpira uyamba fifitini awazi."

Anatsegula padi, natulutsa timabatire tija, koma sanandipatse. Anakweza kamodzi pafupi ndi mphuno yanga, nakatembenuza kuti ndione kunsi kwake. Panali ka O kokanda ndi msomali. Anatembenuza kachiwiri. Ka O kena.

"Munati mwagula liti, amalume?"

"Lachisanu."

"Kwa Paskale?"

"Kwa Paskale."

"Lachisanu kwa Paskale ndinagula ndine, anali awiri omaliza, ndinawakanda ndili pakauntala pomwepo. Masabata anayi ndakhala ndikukanda, ndikufuna ndione kumene amapita." Anawaika m'thumba la malaya ake n'kumanga batani. "Ndinakayikira nesi, ndinakayikira mkazi wanga, ndinakayikira mphemvu. Mphemvu ndikazipepesa mawa."